Khoka pa Dziwe la Chimwala

ERNEST NDI ABBASI
Loweruka, 12 Okutobala

06:10 Abbasi: nyongolotsi musavutike aphunzitsi, ndakumba kale kuseri kwa shopu. inu tengani tiyi basi

06:14 Ernest: Tiyi ali kale m'fulasiki. Ndatsogola, mundipeza pa Chimwala.

06:15 Abbasi: ndikudikira mkazi wanga Salima abwere akhale pa shopu. musamalize nsomba zonse kkkk

06:17 Ernest: Ziti? Loweruka latha tinabwerako ndi kamlamba kamodzi, ndipo inu mlamba simudya.

06:18 Abbasi: lero ndi lero. milamba yanu makumba anga, pangano ndi lomwe lija

07:05 Ernest: [chithunzi: matope opondedwapondedwa m'mbali mwa dziwe]

07:06 Ernest: Che Abbasi, bwerani mudzaone.

07:09 Abbasi: chachitika nchani pamenepo? ng'ombe?

07:13 Ernest: [mawu 0:51] Si ng'ombe ayi. Akoka khoka. Dziwe lonseli alikokolola, kuyambira pa mwala paja timakhala mpaka kumunsi ku bango. Bango alithyola, udzu wa m'madzi auzulira kumtunda. Ndipo mkati mwa khokalo akusokereramo neti ya udzudzu, chidutswa chake chakodwa pa chitsa apa. Tinsomba tomwe sanatifune angotitaya. Ndikunena tiana ta makumba tonga chikhadabo, che Abbasi, tambirimbiri, tayera mbee pamatope ngati wina wayanika ufa. Ntchentche zokhazokha. Ine ndangokhala pansi, mbedza sindinamasule n'komwe.

07:15 Abbasi: subhanallah

07:15 Abbasi: ndikubwera

17:40 Abbasi: ndafunsafunsa pa trading. akuti ndi kalole koyera kochokera ku tauni. mwini wake satsika kuno, amangotumiza dalaivala ndi khoka. okoka akulemba anyamata a konkuno

17:42 Abbasi: anayambira maiwe akumtunda, akutsika nalo dziwe ndi dziwe. madzi aphwa chonchi nsomba zilibe kothawira

17:55 Ernest: Tinayamba kukhala pa mwala uja tsitsi lili lakuda. Lachisanu inu ku mzikiti, Lamulungu ine ku tchalitchi, Loweruka tonse ku Bua. Ndimayesa tidzasiya chifukwa cha maondo, osati chifukwa mtsinje wauma nsomba.

17:58 Abbasi: ena pa trading akutiseka. akuti madala awiri akulirira zoseweretsa zawo

18:04 Ernest: Akafunse amayi a kumunsi aja amavuula matemba ndi madengu. Iwo si zoseweretsa, ndi ndiwo za ana. Lolemba ndipita ku boma kukaonana ndi a za nsomba.

18:05 Abbasi: mukavale tayi kt akumvereni

ERNEST NDI TOBIAS
Lachiwiri, 15 Okutobala

12:31 Ernest: Tobias, amako akuti zikomo makumba ouma aja watumiza ndi mkazi wako Rute. Wawapeza kuti?

13:48 Tobias: pa msika adada

13:52 Ernest: Ndiye ndi a m'dziwe mwathu omwewo. Atibera, kenako akutigulitsa. Ana ali bwanji?

13:55 Tobias: ali bho. Thoko chimfine koma akupita ku xool

13:57 Ernest: Amako akuti wapeza ganyu.

14:20 Tobias: eya kaganyu ka m'mawa

14:21 Ernest: Ka chiyani?

14:40 Tobias: zonyamulanyamula. ndikuimbirani

ERNEST NDI ABBASI
Loweruka, 19 Okutobala

15:12 Abbasi: mwafika bwino?

15:30 Ernest: Ndafika. Chiyambire m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nyambo osagwedezeka ngakhale kamodzi.

15:33 Abbasi: ngakhale akakowa achokapo. mwaona?

15:41 Ernest: [mawu 0:38] Ndaona. Pobwerera ndimakumbuka chaka chija munakola ntchila yaikulu ija, inakukokerani m'madzi ndi mkanjo womwe, ine n'kuseka mpaka tiyi kutayika. Adzukulu anga ntchila sayidziwa, che Abbasi. Nthanda ndinamujambulira pa mchenga, iye akuti agogo imeneyi ndi ndege. Ndinaseka, koma pobwera panjira mtima unandiwawa.

15:44 Abbasi: ku boma akuti chani

15:49 Ernest: Ndapitako kawiri. Akuti nkhani aimva, khoka la neti ya udzudzu n'loletsedwa, koma akufuna akawapeze ali m'madzi. Akudikira galimoto.

15:50 Abbasi: pofika galimoto adzapeza achule okha

Lachiwiri, 22 Okutobala

16:02 Ernest: Zatheka. Abwera Lachinayi m'mawa, ndi apolisi awiri. Amayi a kumunsi andiuza kuti kalole kaja kabwereranso pa Chimwala tsiku lomwelo kudzamaliza zotsala.

16:03 Ernest: Njira ya ku madimba sakuidziwa, ndiye ndiwatsogolera ndine.

16:04 Ernest: Musauze munthu. Ngakhale mayi Salima.

16:10 Abbasi: pakamwa ndasoka. mwagwira ntchito aphunzitsi

Lachitatu, 23 Okutobala

11:26 Abbasi: [uthenga wafufutidwa]

11:27 Abbasi: [uthenga wafufutidwa]

11:40 Ernest: Mukulemba n'kufufuta chiyani?

11:52 Abbasi: muli nokha?

11:53 Ernest: Ndili ndekha, mkazi wanga Elube wapita ku chigayo. Nenani.

11:58 Abbasi: [mawu 1:04] aphunzitsi, ndayesa kulemba zala zikukana. kalole kaja kanaima pa shopu panga m'mawa uno kudzagula mchere. dalaivala analowa, anyamata anatsala kumbuyo atakhalira khoka. ine ndinatuluka dala ngati ndikukonza sikelo, kt ndione nkhope. aphunzitsi, Tobias ali m'gulumo. ndamuona ndi maso angawa, buluku lonyowa mpaka m'chiuno. atandiona anatsitsa chipewa. sindikanatha kugona nazo mawa likubwerali. khoswe wakhala pamkhate aphunzitsi

12:20 Abbasi: mwamva?

12:47 Abbasi: aphunzitsi

13:15 Ernest: Ndamva.

13:16 Ernest: Makumba aja ndinadya sabata yatha.

13:19 Abbasi: imbani ku boma muwauze asabwere. nenani kt mwadwala

13:31 Ernest: Ndikawabweza mawa sadzabweranso. Ndipo amayi aja ndikawauza chiyani? Kuti lamulo linali labwino pamene okoka anali ana a eni, lero laipa chifukwa ndapezamo wanga?

13:33 Abbasi: ndie mumuuze zoona Tobias

13:38 Ernest: Ndikamuuza auza anzake, anzake auza dalaivala, kalole sikabwera. A boma adzapeza dziwe lili zii, ine ndidzakhala wabodza.

13:40 Abbasi: ndie mutani

13:44 Ernest: Ndimuletsa kupita mawa. Chifukwa chake sindinena. Ndi mwana wanga, andimvera.

13:45 Abbasi: Tobias ali ndi ana awiri aphunzitsi. si wa std 5

ERNEST NDI TOBIAS
Lachitatu, 23 Okutobala

14:02 Ernest: [foni yosayankhidwa]

14:05 Ernest: Mawa usapite kumtsinje.

15:18 Tobias: mtsinje uti adada

15:20 Ernest: Usandiyese mwana. Ndikudziwa za khoka.

16:35 Tobias: a Abbasi eti

16:37 Ernest: Wandiuza ndani zilibe ntchito. Dziwe limene ndinakuphunzitsira kukoleka nyambo, iwe n'kumalikokolola ndi neti ya udzudzu?

16:51 Tobias: [mawu 0:58] adada, inu muli ndi penshoni. ine fodya munamuona momwe matalala anamuboolera, chimanga chinapsa ndi ng'amba, m'nkhokwe mukugona nkhuku. sabata ijayi ana anagonera mango aawisi owiritsa, Nthanda kutsegula m'mimba masiku. inu mumapita kumtsinje kukapuma, mukapanda kugwira mumabwerako mukuseka ndi anzanu. ine ndikapanda kukoka, kwanga moto sauyatsa. tinsomba timeneto nanenso timandimvetsa chisoni, musaganize kt sindiona. koma ndikapanda kugwira chingwe ine, agwira wina, dziwe lithabe

16:58 Ernest: Bwanji sunandiuze kuti kwanu ufa watha?

17:03 Tobias: munatigawira kale kawiri. ndili ndi ndevu adada

17:09 Ernest: Chabwino. Zimenezo tikambirana titakhala pansi. Koma mawa lokha usapite. Ubwere kuno m'mawa undithandize kufolera khola la mbuzi, ubwerere ndi chimanga.

17:12 Tobias: mawa kuli chani

17:14 Ernest: Ndanena mawa lokha. Ndikukupempha ngati bambo ako.

17:40 Tobias: ndamva

17:41 Ernest: Ndiye ubwera?

17:58 Ernest: Tobias?

ERNEST NDI ABBASI
Lachitatu, 23 Okutobala

18:05 Abbasi: mwalankhula naye?

18:07 Ernest: Wati wamva.

18:08 Abbasi: kumva kokha?

18:10 Ernest: Sanandikanepo chikhalire. Sapita.

Lachinayi, 24 Okutobala

06:20 Ernest: Afika. Tikunyamuka.

06:21 Abbasi: Allah atsogole

08:05 Abbasi: kalole kadutsa pano kakuthamanga ngati kakuthawa moto, kumbuyo kulibe munthu. zatha bwanji?

08:40 Abbasi: [foni yosayankhidwa]

09:32 Abbasi: galimoto la boma ladutsa. ndaona anthu atatu kumbuyo koma fumbi, sindinazindikire

09:33 Abbasi: aphunzitsi yankhani

10:50 Abbasi: Salima wamva zina ku mjigo. ndiuzeni kt ndi bodza

12:14 Ernest: [mawu 2:10] Si bodza. Tinadzera ku madimba, ine patsogolo. Tisanafike tinayamba kumva akuimba nyimbo yokokera. Ine mtima unali m'malo, ndimati wanga ali kunyumba akundidikira ndi udzu wofolera. Titangotulukira pa bango, dalaivala anaona yunifolomu, analiza kalole n'kuthawa yekha. Anyamata anali kumtunda anabalalika m'tchire. Anatsala atatu amene anali pakuya, madzi m'chifuwa, atagwira mutu wa khoka. Raymond, wina mwana wa a Tsoka wamkulu uja, wachitatu Tobias. Awiriwo anayesa kusambira. Iye ayi. Anangoima m'madzimo, chingwe chili m'manja, akundiyang'ana. Sanayang'ane apolisi, che Abbasi, amayang'ana ine. Atawatulutsa, mkulu wa za nsomba anandifunsa kuti madala, awa mukuwadziwa? Ndisanapeze mawu, Tobias ndi amene anayankha. Anati satidziwa bwana, tiyeni.

12:16 Ernest: Khoka aliwotcha pomwepo. Nsomba zinali mkatimo anazibwezera m'madzi, koma zambiri zinangoyandama chagada.

12:25 Abbasi: ndatseka shopu ndikubwera

12:27 Ernest: Musabwere lero. Elube ali pano akulira, akuti inu ndi ine tagulitsa mwana chifukwa cha mbedza.

12:29 Abbasi: ndikanangokhala chete dzulo mwina

12:34 Ernest: Mukanakhala chete ndikanamupezabe m'madzimo. Inu mulibe mlandu.

Loweruka, 26 Okutobala

10:15 Abbasi: mwamuona?

11:40 Ernest: Ndinapita ndi chakudya. Anatuluka, anandiona, n'kubwerera mkati. Cha Rute analandira.

11:43 Abbasi: mtima ukadali wotentha. mupatseni nthawi

11:50 Ernest: Elube wanyamula zofunda wapita kukakhala ndi Rute, akuti akathandize ana. Nyumba ino ndatsala ndi mbuzi.

11:52 Abbasi: Salima akutumizirani mandasi ndi tiyi. musakane

11:53 Abbasi: nanga mwini khoka?

12:01 Ernest: Anyamata sakumudziwa ngakhale dzina. Amangodziwa dalaivala, ndipo foni yake yazima.

Lamulungu, 27 Okutobala

13:10 Ernest: Ku tchalitchi amake Raymond anandiona ndikukhala, ananyamuka n'kukakhala kumbuyo. Amayi a kumunsi aja anabwera kudzandigwira chanza panja, akuti mwatiombola. Sindikudziwa chimene chinandiwawa kwambiri.

13:22 Abbasi: zonse ziwiri nzoona aphunzitsi, ndi chifukwa chake zikuwawa

Lachitatu, 30 Okutobala

14:05 Ernest: Awatulutsa. Kundende sapita, awalamula kugwira ntchito ya ulere, kusesa ndi kutchetcha pa bwalo la milandu mpaka mwezi wa mawa.

14:07 Abbasi: alhamdulillah. bola pamenepo

14:09 Abbasi: ndatumiza ufa ndi nyemba kwa Rute. wabweza, akuti bambo a Thoko akana

ERNEST NDI TOBIAS
Lachinayi, 31 Okutobala

07:30 Ernest: Ndamva wafika kunyumba. Ndibwere?

12:10 Ernest: Chimanga chija chilipo. Si cha iwe, ndi cha ana.

Loweruka, 2 Novembala

09:14 Ernest: Tobias, ngakhale kunditukwana, koma yankha.

16:48 Tobias: munkadziwa

16:50 Ernest: Ndinkadziwa. Ndi chifukwa chake ndinakuletsa.

16:55 Tobias: munati khola la mbuzi. ine ndimaganiza kt mukungochita manyazi ndi anzanu. dalaivala anati wojomba tsiku limodzi malo ake atenga wina. ndikanasankha chani, mbuzi?

16:57 Tobias: mukanangonena kt kukubwera apolisi

17:06 Ernest: Ndikanakuuza ukanauza anzako.

17:07 Tobias: eya ndikanawauza. nawonso ali ndi ana

17:25 Ernest: Mtsinje ukatha, ana omwewo adzadya chiyani mawa?

17:29 Tobias: mawa lake liti adada. ine ndimanena za lero

17:31 Tobias: Thoko anadutsa ndi anzake pochokera ku xool, anandipeza ndikusesa pa bwalo. anzake anamufunsa kt si adadi ako awo? anati ayi

17:32 Tobias: watengera agogo ake

17:50 Ernest: Sindinakukane mwanawe. Mawu anandithawa.

18:15 Ernest: Tobias.

ERNEST NDI ABBASI
Loweruka, 9 Novembala

06:30 Abbasi: lero tipite? ngakhale kungokakhala pa mwala

07:02 Ernest: Pitani nokha.

Loweruka, 16 Novembala

06:25 Abbasi: ndinapita sabata yatha. madzi ayamba kuyera, matope akhazikika. ndinaona timatemba tikusewera m'mphepete. sindinaponye, ndinangoyang'ana

06:26 Abbasi: kakowa mmodzi wabwerera

08:11 Ernest: Ndi nkhani yabwino.

08:13 Abbasi: pa mwala paja munthu mmodzi sipakoma aphunzitsi. ndimalankhula ndekha ngati wamisala

08:30 Ernest: Ndikafika pa bango paja ndimuona ataima m'madzi. Sindingathe panopa.

Lachisanu, 29 Novembala

07:48 Abbasi: aphunzitsi pa siteji pali Tobias ndi Rute ndi ana, katundu ndi matilesi omwe. mayi Elube akuwaperekeza. mukudziwa?

07:50 Ernest: Akupita kuti?

07:51 Abbasi: sindinafunse. minibasi ikudzaza, thamangani

08:20 Ernest: Ndafika mochedwa. Njinga inaduka tcheni pa mlatho.

08:22 Abbasi: ndinakuonani mukuikoka. lowani mu shopu mukhale pansi

08:24 Ernest: Ayi. Ndikupita kunyumba ndi Elube. Akuti anadziwa sabata yatha, anamulumbiritsa kuti asandiuze.

ERNEST NDI TOBIAS
Lachisanu, 29 Novembala

08:40 Ernest: Wachoka osatsanzika?

08:42 Ernest: Amako akuti ku esiteti ya fodya ku Zambia, ngati tenanti. Moyo wa utenanti ukuudziwa iwe? Munda wako uli pano, mvula yayandikira. Mbewu ndi feteleza ndikupatsa ine.

08:45 Ernest: Ngati wakwiya ndi ine, kwiya uli kwanu.

11:30 Tobias: sindinakwiye adada. ndatopa basi. pa trading aliyense akundiloza, ganyu palibe wondilemba

11:33 Ernest: Ndiye siya Thoko kuno amalize sukulu. Tikhala naye ife.

11:41 Tobias: ana anga ndiyenda nawo

11:42 Tobias: munda mulime ndinu ngati mungathe. tikuyandikira malire network ithawa

11:44 Ernest: Ukafika undidziwitse.

11:45 Ernest: Nthanda amasanza m'galimoto, mukhazikeni pa windo.

Lolemba, 2 Disembala

18:10 Ernest: Mwafika?

Lachisanu, 6 Disembala

06:50 Ernest: Kuno yagwa usiku wonse. Ndabzala chimanga m'munda mwako, mizere ya kumtunda. Ya kumunsi msana wakana, ndimaliza mawa.

Lachitatu, 11 Disembala

15:22 Tobias: tinafika. iyi ndi ya mnzanga musaimbe. tili bho

15:24 Ernest: [mawu 0:44] Zikomo mwanawe, zikomo wandiyankha. Amako ali pano akumva. Akufunsa ngati nyumba akupatsaniyo sikudontha, ndiponso ngati kuli sukulu pafupi. Chimanga chako chamera bwino, ndi mizere iwiri yokha mbewa zinafukula, ndabwerezamo. Uwauze ana kuti agogo... uwauze kuti mbuzi ija yaswa awiri. Basi. Ukapeza mpata uyankhe.

15:40 Ernest: Wamvera?

ERNEST NDI ABBASI
Loweruka, 21 Disembala

06:40 Abbasi: Bua wadzaza aphunzitsi. nsomba zayamba kukwera kukaswana, dzulo ana anaona milamba m'madambo. mwina chaka chino mtsinje upuma

06:58 Ernest: Mwina.

07:00 Abbasi: ndikupita kukaona. ndikudutsireni?

07:12 Ernest: Ndikupalira kwa Tobias. Mundiuze mukaona.

08:35 Abbasi: [chithunzi: ukonde watsopano wobiriwira, womangidwa kuchokera tsidya lino kufika tsidya linalo]

08:36 Abbasi: abweranso

08:41 Abbasi: [mawu 0:47] kalole ndi komwe kaja, angosintha dalaivala. ulendo uno sakukoka, atchinga mtsinje wonse pa khwawa paja pamwamba pa mwala wathu, pomwe nsomba zimadutsira pokwera. akungowola. ndaima patali kuseri kwa mkuyu. zomwe akutsanulira m'madengu ndi zamimba zokhazokha aphunzitsi, akaziponda mazira akutuluka, matope achita chikasu. ine misozi yatsika, munthu wamkulu ndi ndevu zanga

08:44 Abbasi: nambala ya mkulu wa za nsomba uja muli nayo ndinu. akabwera lero lomwe awapeza

08:45 Abbasi: muimba kapena munditumizire ndiimbe ine?

09:10 Ernest: Ali m'madzi ndani?

09:18 Abbasi: ana awiri a malemu Levison. ndi Chikhumbo, uja mkazi wake wachira mapasa mwezi watha

09:19 Abbasi: onse munawaphunzitsa

09:47 Abbasi: aphunzitsi?

10:30 Abbasi: ayamba kukweza madengu

10:52 Abbasi: ndikuona mwawerenga

11:25 Abbasi: ndikadali pano pa mkuyu